Tsitsi Linatsala Pamphasa

Matenda a mwana wanga woyamba anayambira pa dzino. Anali mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, msinkhu umene mano a ubwana amachoka okha, choncho dzino la kutsaya litayamba kugwedera palibe anadabwa. Ndinalimanga ndi ulusi ineyo, ndinakoka, linachoka mosavuta ngati lazulidwa m'matope. Tinaliponya padenga monga achitira ana onse. Patapita masiku atatu linanso linayamba kugwedera, ndipo tsaya lamanzere linali litatupa pang'ono.

Ine kwathu n'kwa Nsamala, kufupi ndi Balaka, koma ndinakwatira kwa Mposa, m'mudzi wa Ayao, ndipo ndinkakhala chikamwini. Ntchito yanga inali ya nsomba. Ndinkagula matemba ndi milamba yowamba kwa asodzi a ku Chilwa, n'kulongedza m'dengu kumbuyo kwa njinga, n'kupalasa mpaka ku Liwonde, ena n'kukagulitsa ku Balaka. Ulendo umodzi unkanditengera masiku anayi, nthawi zina asanu matayala akandivuta. Pamudzi ankandiseka kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo ine wogulitsa milamba ndinkaseka nawo. Mwana ndinabala ndine, koma mwini wake anali mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga, amene anali mwini mbumba. Anali telala, munthu wofatsa, wosakweza mawu. Sindinadane naye tsiku ndi limodzi lomwe, ndipo mpaka lero sindimuda.

Chotupacho chinakula mofulumira moti ukachoka Lolemba, pobwera Lachisanu unkapeza nkhope ina. Pakamwa panaleka kutsekeka, malovu ankangotuluka, diso linayamba kukankhidwira m'mwamba. Tinamutema mphini kawiri kwa sing'anga wa mudzi woyandikana nafe, osaphula kanthu. Mlamu wanga yemweyo ndiye anaimitsa makina ake tsiku lina n'kunena kuti, "Alamu, izi zatikulira. Mawa mupite naye kuchipatala cha amishoni."

Tisananyamuke apongozi anga aakazi anaitana mkazi wanga kuseri kwa nkhokwe. Ine ndi iwo sitinkayankhulana maso ndi maso, mwambo sunkalola, koma analankhula mokweza dala kuti mawu adumphe nkhokweyo andipeze. "Uwauze abambo akewo kuti mwana ali pamphasa. Adzisunge mpaka achire." Ndinayankha ndili komweko kuti ndamva. Ndipo ndinamvadi.

Kuchipatala anamugoneka pakati pa ana a chikuku ndi a malungo. Wa chotupa chotero anali yekha, moti amayi ena ankabwera kudzamuona n'kubwerera atagwira pakamwa. Dokotala anali mzimayi wachizungu wowonda, ndipo ankayenda ndi womuthandiza wachimalawi, bambo wa magalasi, amene ankatimasulira. Anamubaya singano pachotupapo, anatenga timadzi, ndipo patapita masiku anabwera ndi mankhwala a m'botolo amene anawalowetsa mumtsempha wa padzanja. Mwana anasanza masiku awiri, ngakhale madzi sankakhala m'mimba. Ine ndinakwiya, ndinafuna kumutulutsa. Mkazi wanga anandigwira malaya n'kunena kuti, "Abambo, tadikirani kaye, mankhwalawa ayamba dzana lomweli."

Pofika tsiku lachisanu tsaya linayamba kuphwa. Sindinaonepo chinthu chotero. M'mawa uliwonse linkakhala litachepa, khungu likuchita makwinya, diso likubwerera m'malo mwake. Mwana anapempha chinangwa chootcha. Ndinatuluka panja n'kukalira kuseri kwa chimbudzi, chifukwa mwamuna kulira pamaso pa amayi a m'wodi n'kudzichotsa ulemu.

Anakhala kumeneko pafupifupi mwezi, mankhwala aja anamupatsa kawiri. Mayi ake ndiwo ankagona naye. Ine ndinabwerera ku nsomba, chifukwa odikira odwala amadyanso. Tsono ku Balaka kunali mayi wina wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi sitesheni, kumene ndinkasungitsa dengu langa. Tinadziwana kalekale, ndisanakwatire n'komwe. Sindidzikometsera. Palibe anandikakamiza, sindinaledzere, ndipo mawu a kuseri kwa nkhokwe ndinali ndisanaiwale. Mtima unali utapepuka poona tsaya la mwana likuphwa, ndipo kupepukako ndinapita nako kolakwika. Zinachitika maulendo awiri.

Tsiku lotuluka, bambo wa magalasi uja anati akufuna bambo a mwana. Mkazi wanga anali panja kumanga katundu. Bamboyo anandikhazika pabenchi, mwana ali pamiyendo panga, n'kuyamba kufotokoza. Ananena zambiri. Ndikukumbuka zakuti azimwa madzi ambiri. Ndikukumbuka zakuti chotupachi chili ngati udzu wa dawe, ukapalira pamwamba munda umaoneka woyera koma pansi mizu ili chikhalire, choncho tibwere naye pakatha masabata atatu kuti adzalandire mankhwala ena, ngakhale aoneke wochira bwanji. Analemba tsikulo pakapepala. Zina zonse zinandidutsa, chifukwa maso anga anali pankhope ya mwana, ndikuyerekeza tsaya ili ndi linzake. Kodi ananena za tsitsi? Ndadzifunsa funso limeneli zaka zonsezi. Masiku ena ndimaona ngati ndikumumva akunena, akuloza pamutu pake. Masiku ena ndimalumbira kuti sananene. Sindikudziwa.

Kapepalako ndinakaika m'kathumba ka pulasitiki momwe ndinkasunga khadi la chipani. Masiku amenewo popanda khadi sunkalowa mumsika, choncho ndinadziwa kuti sindingakataye. Achinyamata a chipani akandiimitsa pachipata, potulutsa khadi ndinkaona tsiku lija.

Kumudzi anatilandira ndi nthungululu. Apongozi anapha nkhuku, mlamu wanga anasokera mwana diresi la maluwa ndi nsalu zotsala. Ine ndinamunyamula pamapewa kuzungulira naye mudzi wonse, ndinamusankhira mlamba wonona, ndinauthira mchere ndi dzanja langa, n'kumamunyemera ndekha. Anthu anandiona ndikuchita zimenezi.

Sabata isanathe mkazi wanga anandiitana m'mawa kuti ndidzaone. Pamphasa pomwe mwana anagona panatsala tsitsi, osati lochepa ayi, ngati pametedwa munthu. Anayesa kumupesa ndi zala, linangotsatira zalazo. Posakhalitsa m'kamwa munatuluka zilonda, thupi linatentha, zikhato zinayera. Phala ankalikana chifukwa cha ululu. Anayamba kutsokomola, ndipo mwana amene anabwera akudumpha anayamba kukhala tsiku lonse atatsamira chipupa.

Apongozi anamuyang'ana nthawi yaitali, anamugwira pamutu, anamutembenuza manja. Kenako anakhala pansi atandifulatira n'kulankhula kwa mwana wawo.

"Chotupa chija chinali cha Mulungu, ndipo chapita. Ichi n'cha munthu. Iyi ndi ndaka."

Ndaka ndi imene ife timati tsempho. Mwana akakhala pa matenda, kholo likapita kunja n'kukagona ndi wina, limabwera ndi thupi lotentha, ndipo likagwira mwanayo kapena kumuthirira mchere limamusempha. Tsitsi limapyapyala n'kuthothoka, thupi limatha, chifuwa chimabwera. Ine ndinakulira mumpingo, koma zimenezi amayi anga ankazidziwa, agogo anga anabwera nazo kuchokera ku Mozambiki, ndipo palibe mlaliki anazichotsa m'mutu mwa munthu. Pamene apongozi ankatchula zizindikirozo, ine ndinkawerenga masiku chamumtima. Zonse zinkagwirizana.

Mlamu wanga ananditengera pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi akazi.

"Alamu, tili awiri. Maulendo a ku Balaka aja munayenda bwino?"

"Ndinayenda bwino."

"Palibe pomwe munapunthwa?"

"Iyayi, alamu. Palibe."

Ndinatulutsa kapepala kaja, ndinamuonetsa kuti kwatsala masiku asanu ndi limodzi, ndipo ndinanena za dawe. Anamvetsera bwinobwino, monga ankamvetsera munthu wofotokoza m'mene akufunira malaya ake.

"Zachipatala sindikana, ndinakutumizaniko ndine," anatero. "Koma taonani mwanayu. Jakisoni woyamba anasanza naye masiku awiri ali ndi mphamvu. Lero alibe ngakhale magazi. Ndipo mukudziwa kuti mwana wosemphedwa ukamubaya jakisoni usanamukonze, wamupha. Tipeze kaye pomwe palakwika. Mlongo wanga ndamufunsa, walumbira. Mwatsala ndinu."

Apa ndi pomwe pandisokoneza mpaka lero. Ndikanakhala kuti ku Balaka ndinangosungitsa dengu basi, ndikanaimirira. Ndine munthu waukali, pamsika ankandidziwa. Ndikanati mwanayu sanasemphedwe ndi munthu, ndikanamukweza panjinga kaya alola kaya akana, mlandu ndikanadzaukamba pobwera. Koma munthu ungatsutse bwanji anthu amene akunena zoona za iwe? Ndinaganiza kuti bwanji ngati akulondola, ine n'kupita naye, n'kukafera pa jakisoni? Ndinaganizanso kuti bwanji ngati wa magalasi ndiye akulondola? Ndinasankha chinthu chopusa kuposa zonse ziwiri: sindinaulule, ndipo sindinapite naye. Ndinangokhala, kumakana, kumayembekeza kuti mwina mawa adzuka bwino nkhani ithe yokha.

Tsiku la pakapepala linafika ndili pamudzi, ndikumata chubu cha njinga chimene sichinabooke. Linadutsa.

Masiku atatu pambuyo pake mwana anandiitana. Anali atagona pakhonde, mutu uli pa chitenje cha mayi ake, kutsogolo kwa mutuwo konse kuli mbee, kopanda tsitsi. Polankhula ankatsegula pakamwa pang'ono chabe chifukwa cha zilonda.

"Ababa, agogo akuti pali munthu wandidwalitsa. Mukumudziwa?"

Madzulo a tsiku lomwelo ndinaulula. Panali mlamu wanga, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, mkazi wanga, ndi apongozi atakhala chofulatira. Ndinanena zonse, maulendo awiri, sindinachepetse. Mkazi wanga sanalire, sanatukwane. Anangofunsa kuti, "Ulendo woyamba ndi uti, uja munatibweretsera shuga?" Ndinati inde. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza chinthu chomwe anataya.

Anabwera mayi wina wachikulire wodziwa za ndaka. Anasinja mizu, anasakaniza ndi mchere, ndipo ine ndinathira m'phala ndi dzanja langa lamanja, ndikunena mokweza chimene ndinachita, ndikupempha kuti chichoke pa mwana. Ndinalawa ine, analawa mayi ake, kenako tinamumwetsa. Tinachita zimenezi masiku atatu.

Ndipo mwana anachira. Izi ndinaziona ndi maso angawa, wina asandiuze zina. Thupi linazizira, zilonda zinapola, anayamba kudya, zikhato zinafiiranso. Patapita masabata angapo pamutu panamera kaubweya kofewa ngati ka mwana wakhanda. Mudzi wonse unati mwaona. Ine ndemwe ndinati ndaona. Ndinachita manyazi osaneneka, poyenda ndinkazemba njira ya kuchitsime, koma mumtima ndinali wokondwa, chifukwa ndinkaona kuti ndinamudwalitsa ndine ndipo ndamuchiritsanso ndine. Za chipatala palibe anatchulanso. Munthu wochira amapitiranji kuchipatala? Mkazi wanga ankandiphikira ndi kundichapira, koma kulankhula ankalankhula ndi ana okha.

Miyezi iwiri inatha bwino. Wachitatu mwana anayamba kudandaula m'mimba. Mimba inakula, inalimba mbali imodzi, ndipo tsaya linayambanso, ulendo uno lamanja. Anthu anandiyang'ana ine, koma ndinali ndisanapondeko ku Balaka chiululire, nsomba ndinkagulitsira pa Liwonde n'kubwerera tsiku lomwelo, aliyense ankadziwa. Mlamu wanga anati, "Chija chabweranso. Thamangani nayeni."

Bambo wa magalasi anatenga kapepala kaja, kali kakuda ndi thukuta, anawerenga, anayang'ana kalendala ya pakhoma, kenako anayang'ana ine.

"Bambo, munali kuti?"

Ndinati kunali zovuta pamudzi. Sanafunse kuti zovuta zanji. Anati apa pafika sangathe okha, ndipo anatilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu cha m'tauni.

Kumeneko ana a zotupa ankawagoneka mbali imodzi ya wodi, kumapeto kwenikweni. Namwino anatitsogolera, ine nditabereka mwana, mayi ake ali pambuyo ndi kamtolo. Titafika ndinaima chilili. Pa mabedi onsewo, ndi ena pansi pamphasa, panali ana opanda tsitsi. Sunali mpala wa lumo ayi, umenewo ndimaudziwa. Inali mitu yosalala, ina ili ndi timatsitsi totsalira apa ndi apo, chimodzimodzi wa mwana wanga uja. Ena anali ndi milomo ya zilonda. Ndikuuzani chimene chinabwera m'mutu mwanga, ngakhale n'chochititsa manyazi. Ndinaganiza kuti, abale, azibambo onsewa? Dziko lonse lino palibe mwamuna wodzisunga?

Ndinadikira mpaka namwino wina wachikulire atamaliza kumuika mwana pabedi, ndinamutsatira pakhonde.

"Amayi, pepani. Ana onsewa tsitsi linapita kuti?"

"Ndi mankhwala, bambo. Amapha chotupa, koma amagwetsanso tsitsi, amachepetsa magazi, amabweretsa zilonda m'kamwa. Zimatha zokha, tsitsi limameranso."

"Zokha?"

"Zokha. Bola mwana asatenthe thupi kwambiri. Pakatha sabata ziwiri kapena zitatu magazi amabwerera, n'chifukwa chake timati mubwere nthawi imeneyo."

"Ndiye kuti si tsempho?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanaseke.

"Za tsempho sindinaphunzire kusukulu, bambo, ndipo sinditsutsana ndi akuluakulu a kwanu. Ine ndikudziwa za botolo limene ndimapachika."

"Koma titamupatsa mankhwala a mchere anachira."

"Anachira liti?"

Ndinamuuza. Anawerenga ndi zala zake, n'kunena kuti ndi nthawi yomweyo imene ana onsewa amadzukira. Kenako anaitanidwa kwina, anandisiya pakhondepo. Sindinadziwe ngati ndamasulidwa kapena ndamangidwa kawiri. Mkazi wanga anali ataima pakhomo, ndipo anamva zonse.

Anamupatsanso mankhwala aja, koma ulendo uno chotupa sichinamvere ngati poyamba. Tsaya linaphwa pang'ono, mimba ayi. Dokotala wa kumeneko anafotokoza kudzera mwa namwino kuti chotupa chikapatsidwa mpata chimazolowera mankhwala. Apa ndi pamene ndinamva koyamba dzina lakuti khansa. Magazi atachepa kwambiri anati pakufunika wachibale apereke. Ndinapinda malaya msanga, koma singano ili pafupi ndinagwidwa ndi mantha, ndinafunsa wotenga magaziyo ngati magazi a munthu amene anachimwapo angapweteke mwana. Anati iye amaona gulu la magazi basi. Anga anagwirizana ndi ake. Ndinakhala pambali pa bedi kuyang'ana akudontha kulowa m'dzanja lake, theka la mtima likuti ndikumupatsa moyo, theka likuti ndikumuthiranso mchere.

Miyendo ya mwana inaleka kugwira ntchito sabata yachitatu. Pambuyo pake achipatala anatiuza mwaulemu kuti ndi bwino tipite naye kumudzi akakhale pakati pa abale ake. Anakhala masiku khumi ndi awiri. Anamwalira masana, anthu ali kumunda, mutu uli pamiyendo pa mayi ake. Tsitsi linali litayambanso kugwa.

Pamudzi nkhani inatha kalekale: mwana anasemphedwa ndi bambo ake, anamukonza mochedwa chifukwa bamboyo anakana sabata yathunthu. Mlamu wanga ndinamufotokozera za ana a m'wodi aja. Anaimitsa makina, kenako anati, "Alamu, ine ndinachita zimene ndinkadziwa." Ndinati ndikudziwa. Madzi akatayika saoleka.

Sadaka ya masiku makumi anayi itatha, ndinapeza mkazi wanga yekha akusenda nandolo kuseri kwa nyumba. Ndinakhala pansi chapatali. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha kwa iye, chaching'ono, choti ndinyamule popita, chifukwa ndinkadziwa kuti pamudzipo sindikhalitsa.

"Amayi, ana aja munawaona. Namwino uja munamumva. Tsitsi lija anali mankhwala. Sindinamusemphe mwana."

"Ndinawaona," anatero, osadzutsa mutu. "Ndinamumvanso."

Anasenda nandolo zingapo.

"Tsono ndikufunseni, abambo. Wa magalasi uja analankhula ndi inu, osati ine. Tsiku munkalidziwa ndinu. Inu amene mumakangana ndi msika wonse chifukwa cha katemba kamodzi, munalekeranji kumukweza panjinga n'kupita naye? Achimwene akanakumenyani?"

"Iyayi."

"Nanga?"

"Ndinkaopa kuti akunena zoona."

"Chifukwa cha ku Balaka."

"Inde."

Anathira nandolo m'lichero, anakutumula chitenje, anaimirira. Apa ndi pomwe anandiyang'ana kumaso, koyamba chichokereni tsiku loulula lija.

"Ndiye munamusempha ndithu," anatero.

Ndinabwerera kwa Nsamala mvula isanagwe, njinga ndi bulangete basi. Ndakalamba tsopano, ndafunsa abusa, ndafunsa mashehe, ndafunsa mdzukulu wanga amene anaphunzira za unamwino. Aliyense amandiyankha mbali yake, ndipo aliyense ndimamumvetsa akamalankhula. Koma mawu a mkazi wanga aja sindinapeze powatsutsira.